Kulumikiza zidutswa za lesi yopetedwa pamakina ndi kuzisokerera pansalu

Funso lachokera kwa mayi wina amene amasoka pakhonde la sitolo ku Ntcheu boma. Iwo akuti: "Kasitomala wandibweretsera zidutswa 14 za lesi yoyera zimene anapetetsa ku Lilongwe pamakina a kompyuta, ndipo akufuna kuti ndizilumikize zikhale khosi la diresi la chitenje loti adzavale pachinkhoswe cha mwana wake. Zina zikadali ndi kapepala konga pulasitiki m'mphepete. Ndinayesa kulumikiza ziwiri pamakina anga opalasa, koma polumikizapo panatupa, lesi inakwinyika, ndipo nditadula pang'ono kuti zilingane ulusi unayamba kumasuka. Makina anga alibe zigizagi. Ndichite bwanji kuti ndisawononge zotsalazo, nanga pansalu ndiziike motani?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo munachita bwino kuimitsa ntchitoyo mutangoyesa zidutswa ziwiri zokha. Mavuto atatu amene mwatchulawo, kutupa, kukwinyika ndi kumasuka kwa ulusi, gwero lake ndi limodzi: lesiyo mwaigwira ngati nsalu, pamene mkati mwake mulibe nsalu ngakhale pang'ono. Nsalu imaombedwa ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa, n'chifukwa chake timaidula paliponse n'kupinda msoko osaopa kanthu. Lesi ya mtundu umene mwalandirawu ndi masitichi okhaokha ogwirana wina ndi mnzake, ndipo chimene chinkawagwira pamene ankapetedwa ndi kapepala kamene mukukaona m'mphepeteko, kamene kanapangidwa kuti kasungunuke m'madzi. Kapepalako kakachoka, duwa lililonse limadalira ulusi wa duwa linzake, kotero kuti mukadula pamalo amodzi mwadula njira imene makina anayendamo popeta, ndipo ulusi umayamba kubwerera m'mbuyo motsatira njira yomweyo.

Luso limeneli si latsopano ayi. Makina opetera otchedwa Schiffli anapangidwa ndi Isaak Gröbli ku Switzerland m'chaka cha 1863, ndipo m'zaka za m'ma 1880 opeta a ku St. Gallen m'dziko lomwelo ndi a ku Plauen ku Germany anayamba kupeta ndi ulusi wa thonje pansalu ya silika, kenako n'kusungunula silikayo ndi mankhwala kuti patsale maluwa okha. Lesi yokhuthala yotchedwa guipure, imene timagula pamita m'masitolo a nsalu, ndi mdzukulu wa njira imeneyo. Masiku ano m'malo mwa silika ndi mankhwala muli kapepala kosungunuka m'madzi kaja, pepala lopangidwa kuchokera ku mtundu wa pulasitiki wotchedwa PVA, limene ogulitsa zipangizo zopetera amalitcha water-soluble stabilizer. Ndanena zimenezi kuti muone kuti malangizo otsatirawa akugwira ntchito pa lesi ya kasitomala wanu komanso pa guipure ya m'sitolo, chifukwa mapangidwe ake ndi amodzi.

Musanagwire singano, yambani ndi beseni. Alipo osoka ena amene amalumikiza zidutswa kapepala kasanachoke n'kudzatsuka zonse pamodzi, ndipo njirayi imathandizadi kwa amene ali ndi makina a zigizagi chifukwa lesi imakhala yolimba pansi pa singano. Kwa inu sindikuivomereza. Kapepalako kamanata kakakhudzana ndi thukuta la m'zala, ndiponso kukula kwenikweni kwa chidutswa kumadziwika chikatsukidwa ndi kuuma, osati chisanatero. Dulani kapepalako mozungulira, kusiya mamilimita 5 kuchokera pamasitichi, kenako viikani zidutswa zonse m'madzi ofunda, oti dzanja likhalamo bwinobwino, ndipo sinthani madziwo kawiri kapena katatu mpaka lesi italeka kuterera mukaigwira. Pa zokongoletsa zopachika kukhoma ena amasiyamo dala zotsalira za kapepala kuti lesi iume gwa ngati yothiridwa sitachi, koma pa chovala chokhudza khungu muchotse zonse, chifukwa mayiyo akadzayamba kutuluka thukuta povina pachinkhoswe, zotsalirazo zidzasungunukanso n'kumanata pakhosi. Musapotokole pofinya, yalani zidutswazo pathawulo loyera, pindani thawulolo, n'kupsinja ndi manja.

Gawo lotsatirali ndi limene ambiri amalidumpha, koma ndi limene limachititsa kuti ntchito idzakhale yosavuta kapena yosautsa. Tengani chidutswa chimodzi chimene chikuoneka bwino koposa, jambulani mzere wozungulira mphepete mwake pakatoni yosalala, phimbani katoniyo ndi pulasitiki yoonekera kuti inki isalowe m'lesi, ndipo chidutswa chilichonse chikadali chonyowa muchibaye mapini kuti chikwane ndendende mumzere umenewo mpaka chiume. Lesi yonyowa imamvera, ndipo chidutswa chimene chafupika ndi mamilimita 2 kapena 3 chimabwerera pamuyeso wa zinzake popanda kudula kalikonse. Mapini akhale atsopano, opanda dzimbiri, chifukwa dontho la dzimbiri pa lesi yoyera silichoka msanga. Kuno ku Dedza, ndipo ndikhulupirira kuti n'chimodzimodzi kwa inu ku Ntcheu, m'miyezi ya June ndi July chinthu chonyowa chimatha kugona usiku wonse osauma, ndipo munthu amalakalaka kuchiyandikizitsa kumbaula. Musatero, popeza utsi wa makala umasandutsa ulusi woyera kukhala wachikasu. Ziumire m'nyumba pamalo opita mphepo, kutali ndi fumbi la pamsewu.

Ngati pakufunika kusita, yalani lesiyo chafufumimba pathawulo lofewa kuti maluwa asaphwatalale, ikani kansalu ka thonje pamwamba, ndipo simbi muziiika n'kuinyamula, osaikhwekhwereza. Ulusi wopetera pamakina nthawi zambiri umakhala wa poliyesitala kapena wa rayon. Wa poliyesitala umasungunuka simbi ikatentha kwambiri, ndipo simbi yamakala ilibe poichepetsera moto, choncho muyambe mwaiyesa pakansalu kena ndi kuidikira kuti izizireko. Wa rayon umawala mokongola koma umafooka ukanyowa, kotero usakokedwe mwamphamvu pobaya mapini paja.

Za ulusi wolumikizira, pemphani kasitomala wanu afunse amene anapetayo kuti amupatse wotsala wa ulusi womwewo, umene kawirikawiri umakhala wa nambala 40. Kuyera kuli mitundu yambiri, kwina kopita ku mtundu wa mkaka, kwina kopita ku buluu, ndipo ulusi wosiyana pang'ono chabe umaonetsa msoko wonse poyera, makamaka pazithunzi. Zikakanika, tengani chidutswa chimodzi kusitolo ndipo mukafananizire panja padzuwa, osati pansi pa babu.

Tsopano tifike pa kulumikiza kwenikweni. Lesi siilumikizidwa monga nsalu, moyang'anitsa nkhope ziwiri n'kusoka msoko wopinda mkati, ndipo ndikuganiza kuti umu ndi mmene munachitira kuti patupe. Mphepete ziwiri zimagundana chabe, imodzi pambali pa inzake, mosasanjikiza. Dulani pepala la khaki molingana ndi khosi la diresi monga mwa muyeso wa mwiniwake, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo yalanipo zidutswa zonse 14 chafufumimba, kuyambira chapakati penipeni pa chifuwa kupita kumapewa mbali zonse ziwiri, mpaka mutakhutira kuti kumanja n'kofanana ndi kumanzere. Mukatero zigwirizeni papepalalo ndi masitichi ataliatali a pamanja a ulusi wamtundu wina woti mudzauchotse mosavuta. Pepalali ndi limene lidzasunge maonekedwe a khosi nthawi yonse imene mukusoka, ndipo popanda ilo mudzapeza kuti chidutswa chilichonse chapendekeka pang'ono, n'kufika kumapeto khosi litatseguka ngati mtanga kapena litapanikiza.

Popeza makina anu alibe zigizagi, lumikizani pamanja, ndipo musaone ngati mwatsika nazo. Ine ndili nawo makina a zigizagi, koma khosi la chovala cha paukwati kapena pachinkhoswe ndimalilumikizabe pamanja, chifukwa dzanja limatha kutsatira kupindika kulikonse kwa duwa ndipo msoko wake umafewa mofanana ndi lesiyo. Tengani singano yopyapyala ya pamanja, ya nambala 9 kapena 10, pokumbukira kuti pa singano za pamanja nambala ikamakula singano imachepa, mosiyana ndi za pamakina. Ulusi ukhale umodzi, wosaphatikiza, wosapitirira masentimita 40, chifukwa ulusi wopetera ukatalika umapotana ndi kunyenyeka. Chidutswa chilichonse chili ndi mphepete yokhuthala pamene makina anabwereza masitichi mothinana. M'menemo ndi mmene singano iyenera kulowa, osati m'timabowo ta pakati. Tolani ulusi wochepa wa kuseri kwa mphepete imodzi, tolaninso wa mphepete inayo, kokani mpaka zitangokhudzana, ndipo pitirizani motero motalikirana mamilimita 2. Mukakoka mopitirira, polumikizapo pamatukumuka ngati mzere wa mbatata. Mukalekerera, pamaoneka kampata chovala chikavalidwa. Poyamba ndi pomaliza musamange mfundo yaikulu, koma bwerezani sitichi katatu pamalo amodzi n'kulowetsa nsonga ya ulusi mkati mwa mphepete yokhuthalayo pafupifupi sentimita imodzi musanadule.

Zidutswa zambiri zimangogundana pansonga za masamba kapena pamalo awiri atatu, osati mphepete yonse, ndipo ndi mmene wojambula maluwawo anakonzera. Lumikizani pamalo pokhapo pamene zakhudzana. Pamene khosi likukhota, cha kumapewa, mudzapeza kuti kumtunda zidutswa zagundana koma kumunsi kwatsala mpata. Mpata umenewo musautseke pokoka lesi. Dutsitsani ulusi katatu kuchokera mphepete ina kufika inzake ngati kamlatho, kenako kulungani kamlathoko ndi sitichi imene timasokera bowo la batani, ndipo kadzafanana kwambiri ndi timilatho timene tili kale mkati mwa lesiyo, kotero kuti ngakhale telala mnzanu adzavutika kuloza pamene panali mpata.

Ngati tsiku lina mudzapeza makina a zigizagi, kachitidwe kake ndi komweko: mphepete zigundane, zigizagi ikhale ya mamilimita 2.5 mpaka 3 m'lifupi ndi 1 mpaka 1.5 m'litali, singano izigwera kamodzi m'chidutswa chakumanzere kamodzi m'chakumanja, ulusi wa pamwamba ndi wa m'bobini ukhale umodzimodzi, ndipo pansi muyale kapepala kosungunuka kapena pepala lopyapyala loyera kuti mano a makina asameze lesi. Nyuzipepala ayi, inki yake imathimbirira. Pamakina opalasa n'zotheka kusanjikiza mphepete ziwiri mamilimita 2 kapena 3 n'kusoka mzere woongoka pamwamba pake, ndipo pansalu ya patebulo zimenezi zimapiririka, koma pakhosi kamsoko kotero kamauma ndi kukanda.

Zidutswa ziwiri zija musazitaye. Masulani msokowo modekha ndi nsonga ya pini kapena kachitsulo komasulira, osati ndi lezala monga timachitira pamsoko wa thalauzi, chifukwa lezala silisiyanitsa ulusi wanu ndi wa lesi. Pamene munadulapo, kulungani mphepete yonse yodukayo ndi sitichi ya bowo la batani mothinana, kuyambira mamilimita 5 musanafike podukapo mpaka mamilimita 5 mutapitirira. Kenako viikani, bayani mapini pakatoni paja, ndipo poyala muziike kumbuyo kwa khosi kumene maso safikako kawirikawiri. Mukadzafunika kudula lesi ya guipure ya m'sitolo, dulani timilatho tolumikiza maluwa, mozungulira duwa, osadutsa pakati pa duwa.

Nsalu nayo ili ndi zofuna zake. Chitenje cha thonje chimafupika chikachapidwa koyamba, pamene lesi ya poliyesitala imakhala mmene inalili, ndipo zikasokedwa pamodzi nsalu isanachapidwe, tsiku loyamba kuchapa lesi imachita mafunde amene palibe simbi ingawaongole. Ndinaziona ndekha ndili wamng'ono pantchitoyi, pansalu ya patebulo imene ndinaisoka mwachangu mwiniwake akundifulumizitsa, ndipo ndinamasula mphepete zonse zinayi n'kuyambiranso. Kuyambira pamenepo sindidula nsalu yosachapa ngati ikukakumana ndi lesi. Chapani chitenjecho, chiume, muchisite, ndipo muyesenso ngati chikutulutsa mtundu popaka kansalu koyera konyowa pamalo ofiira kapena akuda kwambiri.

Sokererani lesi diresi likadali lotambasuka, mutalumikiza mapewa okha, m'mbali musanatseke. Choyamba sokani mzere umodzi woongoka pansalu yokha, kuzungulira pamene khosi lidzathere, chifukwa pokhota nsalu imakhala itadulidwa mopingasa ulusi wake ndipo imatamuka mosavuta. Chotsani khosi la lesi papepala lija, liyaleni pamwamba pa nsalu patebulo losalala, osati pamiyendo, ndipo bayani mapini kuyambira pakati kupita kunja, kenako gwirizani ndi masitichi ataliatali n'kuchotsa mapini onse. Lesi ingogona mmene ikufunira. Mukaitamula ngakhale pang'ono kuti ifike pamene mukufuna, idzabwerera mukangoisiya, ndipo pobwererapo idzakoka nsalu n'kuchita makwinya. Zomatira za mapepala kapena za nsapato zisayandikire, zimauma gwa ndi kusintha mtundu.

Apa makina anu opalasa agwira ntchito bwino ndithu. Chotsani singano ya nambala 16 imene mumasokera makhaki ndi majinzi, ikani yatsopano ya nambala 11 kapena 12, fupikitsani sitichi ifike pa mamilimita 2, amene pamakina akale owerenga masitichi pa inchi ndi pafupifupi nambala 12, ndipo masulaniko pang'ono tenshoni, kapena kuti kukungika kwa ulusi wa pamwamba, mutayesa pakansalu kena. Sokani mkati mwa mphepete yokhuthala ya kunja kwa lesi, motsatira kukhota kwa duwa lililonse, pang'onopang'ono, malo ena mukuzunguza gudumu ndi dzanja m'malo mopalasa. Pokhota paliponse imitsani singano ili m'nsalu, kwezani kaphazi, tembenuzani nsalu, tsitsani, pitirizani. Msoko woyenda m'njira ya maluwa umabisala mwa iwo, pamene mzere woongoka wodutsa pamwamba pa maluwa umaoneka ngakhale munthu ali kutali. Nsonga za masamba zimene kaphazi kangazikole ndi bwino kuzimalizira pamanja.

Funso lalikulu ndi lakuti nsalu ya kuseri kwa lesi muichotse kapena muisiye, ndipo muyenera kukambirana ndi mwiniwake musanagwire sizasi, chifukwa chodulidwa sichibwerera. Mukaisiya, ntchito yatha ndipo diresi ndi lolimba, koma maluwa a chitenje amasokoneza maluwa a lesi, kotero kuti ndi bwino pansi pa lesiyo pakhale nsalu ya mtundu umodzi yotengera umodzi wa mitundu ya m'chitenjemo. Kwa mayi wa mwana amene akuchitiridwa chinkhoswe, amene adzakhale pamaso pa ankhoswe ndi asewere ake tsiku lonse, ine ndimalangiza njira imeneyi pachifuwa, ndipo lesi yoonekera khungu ikhale cha kumtunda ndi kumapewa kokha. Pamene mwasankha kuchotsa nsalu, tembenuzani diresi, lowetsani kakatoni kopyapyala pakati pa lesi ndi nsalu kuti nsonga ya sizasi isafike pa lesi, ndipo dulani kusiya sentimita imodzi kuchokera pamsoko. Pokhota cheketsani tating'onoting'ono m'sentimita imeneyo osafika pamsoko, pindirani nsaluyo kumbuyo kutali ndi lesi, sitani, n'kusokanso mzere wachiwiri pafupi ndi woyambawo. Wokhala ndi zigizagi amangodutsa ndi zigizagi yopapatiza n'kumeta chotsala; inu muchepetse chotsalacho chifike mamilimita 5 ndipo muchikulunge pamanja kuti chisanyenyeke.

Musaiwale kulemera kwa diresi. Chitenje cha mamita 4 kapena kuposerapo chikasanduka diresi lalitali lokhala ndi layiningi, kulemera kwake konse kumapachikika pamapewa, ndipo ngati pamapewapo pali lesi yokha, timilatho tija timatamuka mpaka kuduka. Yalani neti yopyapyala ya mtundu wa lesiyo, kapena wa khungu la mwiniwake, kuseri kwa khosi lonse, muisokere pamsoko womwe uja ndi pamapewa, kuti netiyo ndiyo inyamule katundu. Zipi nayo isakwere kufika m'lesi. Ithere pamene nsalu yathera, ndipo kumtunda kwake mutseke ndi kabatani ndi kagoli ka ulusi.

Popeza lesi yotere imapemphedwanso kawirikawiri pansalu za paguwa kutchalitchi ndi za patebulo, ndionjezerepo chinthu chimodzi chokha. Lumikizani lesi yonse ya m'mphepete choyamba, kuyambira zidutswa za pamakona anayi, muyeze chimango chimene chatulukacho, kenako mudule nsalu molingana nacho. Nsalu mungathe kuichepetsa ndi sentimita iliyonse imene mukufuna, pamene duwa la lesi simungalidule pakati kuti likwane.

Muuzeni kasitomala wanu lero lomwe kuti kulumikiza zidutswa 14 pamanja ndi ntchito ya masiku angapo, osati ya madzulo amodzi, ndipo mtengo mugwirizane molingana ndi zimenezo musanapitirize. Mumuuzenso kachapidwe kake: pamanja, m'madzi ozizira, ndi sopo wochepa, osafikisa pamwala, osathira jiki, ndi kuyanika pamthunzi diresi litatembenuzidwa. Ngati kansalu koyera kaja kanatuluka ndi mtundu poyesa, ndipo kakupitirirabe kutero chitenje chitachapidwa kawiri, musasokerere lesiyo pamakina n'komwe. Malizani khosi la diresi palokha ndi nsalu yake, lesiyo muisokere pa neti ikhale chinthu chapadera, ndipo muigwirize padiresi ndi masitichi a pamanja otalikirana sentimita imodzi, kuti tsiku lochapa mwiniwake azidula ulusi umodzi wokhawo, n'kuchapa diresi ndi lesi m'mabeseni osiyana.